Mafunso oyankhidwiratu: momwe Linux inafikira podziika yokha pa kompyuta

Mu Julayi 1993, Patrick Volkerding, mnyamata wa ku Minnesota m'dziko la America, anatulutsa Slackware yoyamba. Inkabwera pa madisiki a floppy okwana 24, iliyonse yonyamula 1.44 MB basi. Wofuna kuika Linux pa kompyuta yake ankakhala chikhalire pampando: kulowetsa disiki, kudikira kuti makina aiwerenge, kuitulutsa, kulowetsa inzake. Ma floppy sankachedwa kuwonongeka, ndipo imodzi ikakana kuwerengeka ntchito yonse inkaima pomwepo. Pakati pa madisikiwo panali mafunso, ndipo mafunsowo ndiwo ankamumangirira munthu pampando. Hard disk igawidwe zigawo zingati, chilichonse chikule bwanji? Kiyibodi ndi ya dziko liti? Kompyutayi izidziwika ndi dzina lanji pa netiweki? Pulogalamu iyi mukuifuna kodi, nanga iyi, nanga iyi? Makina ankafunsa funso limodzi n'kuima, osasuntha mpaka chala cha munthu chitadina batani.

Linux ndi operating system, kutanthauza pulogalamu yaikulu imene imadzutsa kompyuta ndi kuyendetsa mapulogalamu ena onse. Linus Torvalds atailengeza mu Ogasiti 1991 ali ku Helsinki, chimene anapereka chinali kernel yokha, phata la dongosolo lonse. Munthu ankayenera kutolera yekha zida za GNU ndi zina n'zina, n'kuzilumikiza ndi manja. N'chifukwa chake ma distribution oyamba, ndiye kuti Linux yosonkhanitsidwa kale pamodzi ndi mapulogalamu ake, anabadwa poyankha vuto la kuika lomweli. Owen Le Blanc anakonza MCC Interim Linux ku Manchester Computing Centre mu Febuluwale 1992 kuti anthu osadziwa zambiri za Unix athe kuiika. Chaka chomwecho Peter MacDonald anatulutsa SLS. Slackware inamera pa SLS, ndipo Debian, imene Ian Murdock anaiyambitsa mu Ogasiti 1993, inayamba chifukwa mwiniwakeyo anatopa ndi zolakwika za SLS yomweyo.

Pali chinthu chimene okamba mbiri ya mapulogalamu a open source sachitchula mokwanira. Chilolezo cha GPL chinkalola aliyense kukopera Linux n'kuiika pa makompyuta ochuluka momwe angafunire osalipira ngakhale tambala. Koma ufulu umenewo unkathera m'manja mwa woikayo. Ngati kompyuta imodzi ikumudyera masana onse, makompyuta 50 amudyera mwezi wathunthu, ndipo asanafike pakati wayamba kale kuyankha mosiyana: apa wapatsa chigawo china malo ambiri, apo waiwala pulogalamu yosindikizira, kwinako walemba adiresi yolakwika. Pamapeto pake palibe makompyuta awiri ofanana, ndipo kusiyana kwakeko kuli m'mutu mwa munthu mmodzi. Tsiku limene munthuyo wapeza ntchito kwina, amanyamula zonsezo.

Slackware inali ndi kambewu ka yankho. Mapulogalamu ake ankagawidwa m'magulu otchedwa ndi zilembo, monga A ya maziko, D ya zida zolembera mapulogalamu, N ya netiweki, X ya zithunzi za pa sikirini. Gulu lililonse linali ndi kafayilo kotchedwa tagfile, momwe dzina la pulogalamu iliyonse linkalembedwa ndi chizindikiro pambali pake. ADD imatanthauza kuti ika osafunsa, SKP kuti dumpha, ndipo REC ndi OPT ndizo zinkachititsa makina kuima n'kufunsa. Munthu wochenjera ankasintha ma REC ndi ma OPT onse kukhala ADD kapena SKP, mafunso a mapulogalamu n'kutheratu. Mafunso a disiki ndi netiweki ankatsalabe. Kampani ya Caldera inayesa njira ina mu 1999: pulogalamu yake yoikira, yotchedwa Lizard, inkapatsa munthu masewera a Tetris kuti azisewera podikira. Zinali zokoma kwa mwini kompyuta imodzi kunyumba, koma woyang'anira chipinda chodzaza makina sankasowa chomusangalatsa pampando. Ankafuna kudzuka.

Njira yodzukira inali itaoneka kale kunja kwa Linux. Kampani ya Sun Microsystems inali ndi JumpStart pa Solaris m'zaka za m'ma 1990. Pa seva pankakhala fayilo ya malamulo yonena kuti kompyuta ya mtundu wakuti, yokhala ndi disiki yaikulu chakuti, itenge dongosolo lakuti. Solaris panthawiyo inali ya malonda ndipo inkayenda kwambiri pa makina odula a Sun yomweyo, koma ena mwa amene pambuyo pake anadzalemba zida za Linux anali ataiona ikugwira ntchito m'mayunivesite.

Chimene makina a Sun ankatha, makompyuta wamba osachitha, chinali kudzuka kudzera pa netiweki disiki ili yopanda kanthu. Zipangizo zake zinalipo kale. TFTP, njira yosavuta yotumizira fayilo, inali ya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980; BOOTP inalembedwa mu 1985; DHCP inabwera mu 1993. Chinkasowa chinali mgwirizano woti kadi lililonse la netiweki lidziwe kuzigwiritsa ntchito likangoyatsidwa. Intel inabweretsa mgwirizanowo ndi PXE, imene mtundu wake wa 2.1 unatuluka mu Seputembala 1999. Umu ndi momwe imayendera mpaka lero. Kompyuta yopanda chilichonse ikayaka, kadi la netiweki limafuula kwa onse olumikizidwa kupempha adiresi. Seva ya DHCP imayankha ndi adiresiyo, n'kuwonjezera zinthu ziwiri: kumene kuli seva ina, ndi dzina la fayilo yoti ikatengedwe kumeneko. Kadi lija limakoka fayiloyo ndi TFTP, ndipo kwa zaka zambiri fayilo imeneyi inali pxelinux.0, ntchito ya H. Peter Anvin. Iyo imakoka kernel ndi pulogalamu yoikira, n'kuiuza kumene kuli mayankho.

Amene anali ndi njala yaikulu ya zimenezi anali asayansi. Mu 1994, Thomas Sterling ndi Donald Becker, ku Goddard Space Flight Center ya NASA, analumikiza makompyuta wamba 16 oyendera Linux kuti azigwira ntchito ngati makina amodzi amphamvu, n'kuwatcha Beowulf. Mayunivesite padziko lonse anatengera nzeruyo chifukwa inali yotchipa. Koma gulu la makompyuta lotere limafuna kuti onse akhale ofanana ndendende. Imodzi ikakhala ndi mtundu wina wa pulogalamu yowerengera masamu, zotsatira za kafukufuku zimatha kusokonekera popanda wodziwa chifukwa chake. Apa kuika ndi manja kunasanduka ngozi, kuwonjezera pa kukhala ntchito ya kalavulagaga.

Kampani ya Red Hat inayankha ndi Kickstart kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndi fayilo imodzi ya malemba wamba, kawirikawiri yotchedwa ks.cfg, imene munthu angathe kuiwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mzere wina umanena chilankhulo, wina kiyibodi, wina dera la nthawi, ina kagawidwe ka disiki. Kenako pamabwera chigawo cha %packages chotchula mapulogalamu ofunika, ndi cha %post momwe woyang'anira amalembamo malamulo oti achitike kuika kukangotha, monga kupanga maakaunti kapena kulumikiza makina osindikizira. Pulogalamu yoikira ya Anaconda itabwera ndi Red Hat Linux 6.1 mu 1999, Kickstart inakhala mbali yake, ndipo pambuyo pake anawonjezera kanthu kamene ine ndimakaona kuti n'kanzeru kuposa zonse m'mbiri imeneyi. Munthu akaika Linux ndi manja, kuyankha mafunso limodzi limodzi, Anaconda imalemba mayankho akewo mu fayilo ya anaconda-ks.cfg n'kuisiya m'chikwatu cha root, akaunti ya woyang'anira makina. Munthu amene sanamvepo za Kickstart amapezeka kuti wailemba kale osadziwa. Akafuna kompyuta yachiwiri yofanana, amangotenga fayiloyo, kukonza mizere ingapo, n'kuipereka kwa makina.

Gulu la ku San Diego Supercomputer Center linaitengera patali nkhaniyi ndi Rocks, imene linaiyamba mu 2000. Mu Rocks, kompyuta yotsogolera imalembera kompyuta iliyonse ya m'gulumo Kickstart yakeyake ikapempha. Ndipo anakhazikitsa mwambo umene panthawiyo unkamveka wachilendo: kompyuta ikayamba kuchita zosadziwika, musataye nthawi kufufuza chimene chasintha, ingoiikaninso. Ngati kuika kumatenga mphindi zochepa ndipo sikufuna munthu, n'kosavuta kuposa kukonza. Maganizo amenewa ndi amene pambuyo pake anadzalamulira m'nyumba zazikulu zosungira maseva.

Ku Germany nkhani inayenda mwina. Mu 1999 Thomas Lange, wa pa yunivesite ya Cologne, anapatsidwa ntchito yoika Debian pa gulu la makompyuta 16. Iye ankaidziwa JumpStart ya Solaris, ndipo ataona kuti Debian ilibe chofanana nayo analemba yake, FAI. Nzeru ya FAI ndi magulu. Kompyuta iliyonse imaikidwa m'magulu angapo nthawi imodzi: gulu la makina a mtundu wakuti, gulu la a mu ofesi yakuti, gulu la ofuna zithunzi za pa sikirini. Gulu lililonse lili ndi mndandanda wake wa mapulogalamu, kagawidwe kake ka disiki ndi malamulo ake, ndipo kompyuta imatenga zonse za magulu ake n'kuziphatikiza. Motero fayilo imodzi yonena za makina osindikizira a pa ofesi imalembedwa kamodzi, n'kugwira ntchito pa makina onse a pamenepo, akale ndi atsopano. Khonsolo ya mzinda wa Munich itaganiza mu 2003 zosamutsira makompyuta ake ku Linux, mu ntchito yotchedwa LiMux, FAI inali m'gulu la zida zoikira, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Khonsoloyo inadzavota mu 2017 kubwerera ku Windows, koma imeneyo ndi nkhani ya ndale za mzinda ndi mapulogalamu a m'maofesi. Kuika kunali kutatheka. SuSE nayo inabweretsa AutoYaST kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, yolembedwa mu XML, yomwe makina amaiwerenga bwino koma imatopetsa maso a munthu.

Debian yeniyeniyo inachedwa, koma inafika pa muzu wa vuto. Mu Debian, si pulogalamu yoikira yokha imene inkafunsa mafunso. Pulogalamu iliyonse yoikidwa inali ndi ufulu woima n'kufunsa zake, m'njira iliyonse imene woikonza anafuna. Munthu ankasiya makina akugwira ntchito, kupita kukadya, n'kubwera kudzapeza ataima pa funso la pulogalamu ya makalata. Mu 1999 Joey Hess analemba debconf, ndipo chimene inachita ndi kulekanitsa funso ndi kafunsidwe kake. Funso lililonse linapatsidwa dzina, mtundu wa yankho lake, ndi msinkhu wa kufunika kwake, ndipo mayankho anayamba kusungidwa pamalo amodzi. Pulogalamu ikafuna kudziwa kanthu imafunsa debconf, osati munthu. Debconf ikaona kuti yankho lilipo kale imangolipereka, munthu osaona n'komwe.

Pa maziko amenewa anamangapo debian-installer, imene inalowa m'malo mwa pulogalamu yakale yotchedwa boot-floppies, dzina lomwe linakhalabe ngakhale anthu anali atasamukira kale ku ma CD. Ntchitoyi inatenga zaka. Ena mwa amene anaikankha anali anthu a Skolelinux, gulu lomwe linayamba ku Norway mu 2001 pofuna Linux ya m'masukulu, chifukwa iwo ankafuna kuti mphunzitsi wamba athe kuika seva ya sukulu poyankha mafunso owerengeka okha, ena onse atayankhidwiratu ndi akatswiri. Ubuntu yoyamba, 4.10, inatuluka ndi debian-installer mu Okutobala 2004, ndipo Debian inaitulutsa mu mtundu wa 3.1, wotchedwa sarge, mu Juni 2005. Kuyankhiratu kwake kumatchedwa preseed: mzere uliwonse wa fayilo umatchula mwini funso, dzina la funso, mtundu wake, ndi yankho. Si fayilo yokongola, ndipo mizere yogawira disiki yapweteketsa mitu ya anthu ambiri. Koma funso lililonse limene pulogalamu yoikira ingafunse lili ndi dzina, choncho lingathe kuyankhidwa pasadakhale.

Nthawi yonseyi panali gulu lina la akatswiri lomwe linkati zonsezi n'kudzivutitsa. Iwo ankati: konzani kompyuta imodzi mpaka ikhale bwino, kenako koperani disiki yake yonse n'kuithira pa ena. Ndi nzeru ya chikombole cha njerwa, ndipo zida monga SystemImager, kenako Clonezilla ya Steven Shiau ndi anzake ku Taiwan, zinaifewetsa. Njirayi ndi yachangu, ndipo kumene intaneti ili yodula kapena yodukaduka imapulumutsa, chifukwa palibe chokoka kuchokera kutali. Koma ili ndi mavuto awiri. Loyamba, zinthu zina siziyenera kufanana: dzina la kompyuta, makiyi ake achinsinsi a SSH, nambala yoizindikiritsa. Zikakoperedwa, makompyuta awiri amayamba kulimbirana adiresi imodzi, kapena kiyi yobedwa pa imodzi imatsegula onse. Lachiwiri ndi lalikulu: disiki yokoperedwa sifotokoza momwe inapangidwira. Pakapita chaka palibe amene akukumbuka chimene chinasinthidwa ndi chifukwa chake. Fayilo ya Kickstart kapena preseed, ngakhale ikhale yonyansa, munthu wina angaiwerenge, kuitsutsa, kuikonza, n'kuona kusiyana kwa ya lero ndi ya chaka chatha. Pa chifukwa chimenechi ine ndili kumbali ya olemba mafayilo.

Kulemba mayankho kuli ndi ngozi zake, ndipo sizing'onozing'ono. Anthu ambiri sayamba pa pepala loyera, amakopera chitsanzo. Chitsanzo cha preseed chimene chili m'buku la malangizo a Debian chimaika chilankhulo pa en_US ndi dera la nthawi pa US/Eastern. Woyang'anira makompyuta ku Lilongwe kapena ku Chipata akachikopera osawerenga bwino, makina ake onse adzasonyeza nthawi ya New York, kutsalira ndi maola 6 kapena 7 kutengera nyengo, pamene mu mndandanda wa madera muli kale Africa/Blantyre, Africa/Lusaka, Africa/Maputo ndi Africa/Harare. Pamene munthu ankayankha yekha, akanaona funsolo n'kusankha bwino. M'chitsanzo chomwecho muli mzere woonetsa momwe amalembera pasiwedi ya root, ndipo pasiwedi yachitsanzoyo ndi r00tme. Olemba bukulo anachenjeza momveka, koma fayilo yokhala ndi pasiwedi yosabisika imayenda pa netiweki kudzera pa TFTP kapena HTTP wamba, ndipo TFTP safunsa kuti wopemphayo ndi ndani.

Ngozi yoopsa koposa ndi ya disiki. Pulogalamu iliyonse yoikira ili ndi funso lomaliza lofunsa ngati munthu akutsimikizadi kuti zonse za pa disiki zifufutidwe. Kuti makina adziike okha, funso limeneli nalonso liyenera kuyankhidwiratu kuti inde. Mu Kickstart ndi mzere wa clearpart --all. Mu preseed ndi mizere ya partman yovomereza. Tsono ngati seva ya PXE yakonzedwa kuti iziika Linux pa makina aliwonse opempha, ndipo kompyuta ya kalaliki wosunga maakaunti yayaka itaikidwa kuti iziyamba kuyang'ana pa netiweki, makina sazengereza ndipo saona nkhope. M'mphindi zochepa ntchito ya zaka yapita. N'chifukwa chake zida zoyang'anira ntchitoyi, monga Cobbler ya Michael DeHaan ku Red Hat, Foreman, ndi MAAS ya Canonical, kampani yopanga Ubuntu, zimasunga kaundula wa makina motengera adiresi ya MAC ya kadi la netiweki, n'kuika pa okhawo amene alembedwa kuti aikidwe.

Zinthu zinatembenukanso Amazon itatsegula EC2 mu Ogasiti 2006. Kumeneko munthu amabwereka kompyuta yongoyerekezera, ndipo palibe pulogalamu yoikira imene imayenda. Makina amadzuka kuchokera pa disiki yokonzedwa kale. Zinkaoneka ngati okopera madisiki apambana. Koma vuto lawo lakale linabwerera pomwepo: makina zikwi ochokera pa disiki imodzi ayenera kukhala ndi mayina, makiyi ndi ntchito zosiyana. Yankho linali cloud-init, imene inakulira ku Canonical m'manja mwa Scott Moser. Makina akadzuka koyamba, cloud-init imafunsa pa adiresi yapadera, 169.254.169.254, kuti imve za makinawo ndi kulandira malangizo a mwiniwake olembedwa mu YAML. Kenako imapanga makiyi atsopano, kuika dzina, kukulitsa chigawo cha disiki, ndi kuika mapulogalamu opemphedwa. Magulu awiri aja anakumana pakati: disiki yokoperedwa yonyamula zofanana, ndi fayilo yowerengeka yonyamula zosiyana. Ntchito yosamalira makina akadzuka inali itapita kale ku zida zina, kuyambira CFEngine ya Mark Burgess ku Oslo mu 1993, kenako Puppet mu 2005, Chef mu 2009, ndi Ansible mu 2012, imene anailemba ndi DeHaan yemwe uja wa Cobbler.

A OpenBSD, amene si a banja la Linux, anadikira mpaka mtundu wa 5.5 mu Meyi 2014 kuti abweretse autoinstall yawo, ndipo anaichita mosavuta kwambiri. Mu fayilo ya install.conf munthu amalemba funso momwe pulogalamu imalifunsira pa sikirini, n'kuika chizindikiro cha =, kenako yankho. Aliyense amene anaikapo OpenBSD kamodzi angathe kuiwerenga osaphunzira chilankhulo china.

Kickstart ikugwirabe ntchito mu Fedora, Red Hat Enterprise Linux ndi ena ochokera kwa iwo, ndipo Debian ikadali ndi preseed yake. Ubuntu inasiya njira ya Debian pa maseva mu mtundu wa 20.04, wa Epulo 2020, n'kubweretsa autoinstall ya pulogalamu yoikira ya Subiquity, yolembedwa mu YAML ndipo kawirikawiri yoperekedwa kudzera mu cloud-init yomwe ija. Oikonza anasiyamo dala chinthu chimodzi. Ngakhale fayilo ikhale ndi mayankho onse, pulogalamuyo imaima isanakhudze disiki n'kufunsa ngati ipitirize, kuopa kuti fulashi yoiwalika m'kompyuta ingafufute makina a wina. Wofuna kuti isafunse ayenera kupita pa mzere woyatsira kernel, kunja kwa fayilo ya mayankho, n'kulembapo yekha mawu oti autoinstall.